Mpini wa Sheila

"Manja m'mwamba. Kwezani ngati mukuthyola mango. Iwe Princess, chifuwa kutsogolo, usazyolike ngati nkhuku yonyowa."

Jonasi ankalamula atakhala pakhonde, dzanja limodzi lili m'chiuno. Pabwalo panali mwana wake Sheila, wa Sitandade 5, msuweni wake Princess, ndi tiana tina ta m'nyumba zoyandikana tomwe tinkabwera chifukwa chokonda kuseka basi. Anakweza manja, anapotokola ziuno, ananyonyomala n'kudzukanso misana ili chilili. Dzuwa linali lisanayambe kuwawa.

"Tsopano dengu lili pansi. Timalinyamula bwanji?"

"Mawondo apinde, msana usapinde," ana anayankhira pamodzi ngati ali m'kalasi.

Belu la njinga linalira panjira. Anali Kefasi, bambo wa Princess, mlongo wamkulu wa Esitele mkazi wa Jonasi. Pamudzipo ndiye anali mwini mbumba, ndipo minda yonse inkamvera iye. Anatsitsa phazi limodzi pansi n'kuima kuonerera.

"Odi kuno ku kampu ya Apayoniya. Kodi alamu, simunamve kuti anzanu aja anabalalitsidwa ndi asilikali kalekale? Ino ndi matipate. Pelete anatha."

"Ndi majowajowa chabe, alamu. Kuwongola mtengo mpoyamba."

Kefasi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ulendo umene sunali wautali poti Jonasi anali wopindika ngati zenga.

"Ndiye wowongola mitengoyo ndinuyo?"

Azimayi amene ankachokera kumjigo anaseka mpaka madzi kukhavukira m'ndowa. Jonasi anasekako pang'ono, poti mkamwini akamasekedwa ndi eni mudzi amathandiza kuseka.

Jonasi sanabadwe wokhota. Kwawo kunali ku Phalombe, koma anakulira m'maesiteti a fodya a ku Mchinji komwe bambo ake anali tenanti. Pamsinkhu umene anzake ankaimba a e i o u, iye ankanyamula makeni a madzi kuthirira nazale. Atasinkhuka anasenza mitolo ya fodya wamuwisi ndi mitengo yomangira zigafa. Atakula anali chiphona chonyamula belo la fodya yekha, akapitawo n'kumamuombera m'manja. Anakwatira Esitele ku Chiosya nakhala chikamwini, ndipo masiku amenewo Kefasi ankamutchula kuti "ng'ombe yathu", ankamudulira ngakhale ntchafu ya nkhuku. Tsiku lina akukweza belo mulole anamva kuti phwa kumsana, ngati phesi louma. Ku esiteti anamupatsa mapilitsi n'kulemba wina ntchito sabata yomweyo. Kumudzi nakonso ntchafu ya nkhuku inapeza pakamwa pena.

Kuchipatala cha pa Boma dokotala wina wachinyamata anamusisita msana n'kupukusa mutu.

"Bambo, msana uwu sunathyoke dzulo. Unayamba kuthyoka muli mwana. Belo lija langomalizitsa."

Anaika katoni pansi namuonetsa mmene munthu amanyamulira katundu, mmene amakhalira pampando, ndi mmene amadziwongolera m'mawa. Kenako anati, "Kwa inu kwachedwa. Koma ana muli nawo?"

Jonasi anali ndi mmodzi yekha wamoyo. Mawu a dokotalayo anakwera nawo minibasi, anafika nawo kunyumba, ndipo sanamuchokenso m'mutu.

Madzulo alionse ankagona chafufumimba pamkeka wa pakhonde, Sheila n'kukwera kumsana kwake, dzanja litagwira chipupa, kumamupondaponda ndi zidendene kuti ululu utsike. Mankhwala ena kunalibe.

"Tsika pang'ono. Apo. Pomwepo ndi pamene panayambira."

"Ndikukupwetekani, ababa?"

"Ponda. Koma iwe usadzagone chonchi kuti mwana wako akuponde. Wamva?"

"Ndamva."

Poteteza msana wa mwana wake, Jonasi anayamba ndi tsache. Analimangirira kunsungwi kuti mwana azisesa ataimirira. Esitele atatuluka m'khitchini n'kuona zimenezo anagwira pakamwa.

"Bambo a Sheila, mwana wamkazi wosesa chilili ngati mesenjala wa kwa DC adzamufunsira ndani?"

"Amene adzafune mkazi, osati bulu."

"Tonsefe tinasesa chowerama. Tinafa?"

"Simunafe. Koma mukamadzuka pamphasa mumayamba mwagwira chipupa. Mumayesa sindiona?"

Esitele anabwerera m'khitchini, ndipo mbale zinalira kuposa masiku onse.

Nkhani inadzakula ndi khasu. Poti Jonasi sankalimanso, chimanga chikatha Esitele ankatenga dengu kupita kunkhokwe ya mlongo wake. Wodyetsa ndiye wolamula. Kefasi anagamula kuti Sheila azilowa m'malo mwa bambo ake kumunda, m'mamawa asanapite kusukulu ndi Loweruka lonse. Jonasi sakanatha kukana. Chimene akanatha n'kusema. Anasakasaka nthambi ya muwanga, mtengo wolimba wosamva chiswe, anaisema atakhala pansi, anaipala ndi galasi losweka mpaka inasalala ngati mwendo wa mpando wa kutchalitchi, anawotcha chiboo n'kukhomera khasu. Mipini ya pamudzipo inkalekeza m'ntchafu. Wa Sheila unkafika pachifuwa.

"Umenewu udzakula nawo," anatero pomupatsa. "Ukafika kumapeto kwa mzere uliwonse uziima, manja m'chiuno, uyang'ane kumwamba, upume. Kenako uyambe wina."

Sheila analikonda khasu lakelo. Ankalitsuka akaweruka, ankaligoneka pafupi ndi mphasa yake. Koma tinene zoona: mizere yake inkachedwa. Khasu linali lachilendo m'manja, ndipo pamene azimayi ankakhota kuyamba mzere wina, iye ankakhala ali chiimire kumapeto, nkhope ili kumwamba.

"Ukuwerenga akhwangwala?" Kefasi ankafunsa. "Limenelo ndi khasu la waulesi. Munthu amalima ataona dothi, osati mitambo."

Komabe zikanapitirira choncho, kunyoza ndi kuseka, pakanapanda za Lamulungu lija.

Chaka chimenecho Kefasi ankafunitsitsa kusankhidwa ukulu wa mpingo. Anagula jekete pa kaunjika, anasiya kachasu poyera, ndipo Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi anaitanira akulu ampingo kunyumba kwake kudzamwa tiyi. Anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Nthawi yomweyo Esitele anatuma Sheila kukabwereka sefa kwa mkazi wa Kefasi, ndipo njira ya kukhitchini inadutsa pamaso pa alendowo. Mwana aliyense wa pamudzipo akanadutsa chowerama, manja ali pamawondo. Sheila ananena zikomo wake bwinobwino, anapinda mawondo pang'ono, koma msana unali njo, mutu uli m'mwamba.

"Kodi mtsikana ameneyu wameza munsi?" anafunsa mkulu wina.

"Sheila, tabwerera," anatero Kefasi. "Umadutsa chonchi pamaso pa akuluakulu?"

"Pepani atsibweni. Ababa anati mawondo apinde, msana usapinde."

Princess, amene anagwada pambali akuthira tiyi m'makapu, anaganiza zothandiza msuweni wake.

"Msana ndi umodzi, ababa. Ulibe sipeya."

Akulu ampingo anaseka mpaka wina anatsamwa ndi chigumu. "Ana a matipate," anatero wina akupukuta misozi. "A Kefasi, mukalephera kuweta nkhosa za pakhomo, za Ambuye mudzaziweta bwanji?" Ananena mwanthabwala, koma Kefasi sanaseke.

Jonasi sanaphunzitsepo mwana kudutsa akulu chilili. Iye ankanena za dengu, za ndowa, za thumba la chimanga. Koma mwana akagwira mawu a bambo ake amagwira ndi manja awiri.

Lolemba madzulo Kefasi anafika osaodira. M'dzanja lina munali khasu la Sheila, m'dzanja linalo chikwanje. Anapeza Jonasi ali pamkeka, mwana ali kumsana kwake.

"Tsika apo. Esitele, tuluka udzamve nawo."

Anaponya khasu ndi chikwanje pansi. Esitele anatuluka akupukuta manja kuchitenje n'kukhala pakhomo. Jonasi anadzuka mwapang'onopang'ono, bondo limodzi, kenako linzake, mpaka anakhala tsonga.

"Alamu, dzulo ndachita manyazi pamaso pa anthu. Mwana wobereka ndekha akundiphunzitsa za sipeya."

"Ana anamva molakwika. Ndiwauza, ndipo akapepesa kwa akuluwo mmodzimmodzi. Ulemu ine sindinaletse."

"Ulemu umayambira kumunda. Mwana wosawerama pa khasu sangawerame pa munthu. Munanena nokha tsiku lija kuti kuwongola mtengo mpoyamba. Ndabwera kudzawongola."

"Ine ndinkanena za fupa, alamu."

"Ine ndikunena za khalidwe. Ndipo fupalo n'la yani? Sheila ndi wa mbumba yanga. Inu munabwera pano ndi kachikwama, ndipo kachikwamako sikanasowe. Esitele akudziwa pamene kali."

Mawu amenewo mkamwini aliyense amadziwa kuti alipo, amangosungidwa ngati nkhwangwa kuseri kwa chitseko. Jonasi ankayesa kuti zaka zonse zimene analima minda ya pamudzipo zinawakwirira.

"Tandiyang'anani, alamu. Ndine wamng'ono kwa inu, koma ana panjira amandipatsa moni wa agogo. Sindingathe kunyamula ngakhale ndowa yosambira. Mukufuna mwana uyu adzafike pamene ndafika ine?"

"Chinakuthyolani ndi belo la ku esiteti, osati khasu la makolo. Amayi athu analima ndi mpini waufupi mpaka imvi."

"Ndipo anamwalira akuyang'ana zala za kumapazi. Ndinawaona."

Zimenezo sanayenera kunena. Esitele anati "Bambo a Sheila" motsitsa, koma mawu anali atatuluka kale. Nkhope ya Kefasi inauma.

"Chabwino. Njira ndi ziwiri. Mudule mpiniwu ndi manja anu, pelete wanu athe, mukhale pano muzidya. Mukakana, minibasi za ku Lilongwe sizinathe pa Boma. Ndipo mukapita, ine sindingamadyetse mwana wolima ngati akuvina chimtali. A Dickson, akapitawo a ku esiteti, akufuna ana othirira nazale. Akaphunzira komweko."

Nazale. Jonasi anawaona makeni aja ngati ali pamaso pake, limodzi dzanja ili, lina dzanja ilo, kuchokera kudamu kukwera chitunda, mapewa akutsika, khosi likukokeka. Mapewa ake anayamba kuwawa ngati wangowatula kumene. Anayang'ana Sheila, amene anaima chotsamira chipupa, manja ake owonda atagwirana kumbuyo.

"Esitele," anatero. "Iwe ndiwe mayi wake. Sunenapo kanthu?"

Esitele ankayang'ana pansi.

"Dulani, bambo a Sheila. Mpini ndi mtengo chabe. Dulani."

Panthawi imeneyo Jonasi anamuda mkazi wake, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti ankadziwa kuti mkaziyo akunena zoona. Akapita ku Phalombe akapeza ndani? Manda a makolo ndi minda ya eni. Ndipo kuno mwana akakhala pansi pa makeni, popanda ndi mmodzi yemwe womuuza kuti tula upume.

Kefasi anatola khasu, analiyeza ndi ntchafu yake, n'kukanda mzere pampini ndi chikhadabo cha chala chachikulu.

"Apa."

Jonasi anayang'ana mzerewo. Unali pansi kwambiri.

"Kwezani pang'ono, alamu. Zala zinayi zokha. Mwanayu akukula."

"Msika uli pa Boma. Pano sitinenerera."

"Zala ziwiri."

"Apa, ndati."

Munthu amene kale ankanyamula belo yekha anapempha zala ziwiri za mtengo n'kumanidwa. Anagoneka mpini pachipika, anauponda ndi phazi, anakweza chikwanje. Muwanga suduka msanga. Anausankha dala kuti udzafike pa ukwati wa Sheila, ndipo tsopano unkakana. Chikwanje chikagwa, ululu unkathamanga kuchokera m'chiuno mpaka m'chidendene. Anatema, anapuma, anatemanso. Thukuta linadontha pamtengo. Kefasi sanamulandire, Esitele analowa m'nyumba, koma Sheila sanasunthe pamene anaima. Anaonerera mpaka mpini unati thyo.

Kefasi anawerama bwinobwino, poti wake msana unali wabwino, natola chidutswa chimene chinatsala. Anachitembenuza, anachisisita.

"Kusema ndiye mumatha, alamu. Nayi ndodo. Muziyendera."

Anamupatsa m'manja, anatola chikwanje chake n'kumapita.

"Ababa, ndalakwitsa ndine?" Sheila anafunsa patapita nthawi.

"Ayi, mwana wanga. Iwe unamva bwino. Kawathandize amayi ako."

M'mawa mwake tiana ta m'nyumba zoyandikana tinabwera monga mwa masiku onse, tinaima pamzere pabwalo, tina titakweza kale manja. Princess panalibe. Jonasi anatuluka n'kutiuza kuti majowajowa atha, tizipita kwathu. Kamodzi kanafunsa chifukwa chake. Iye anangoloza njira ndi ndodo yake yatsopano. Tsache nalo anali atalimasula kale kunsungwi, ndipo nsungwiyo Esitele anayanikapo zovala.

Poyamba analumbira kuti ndodoyo aiponya pamoto. Koma inali yosalala, yokwana m'dzanja, ndipo kwa munthu wopindika ngati iye kutalika kwake kunali kokwanira ndendende. Anayamba kuyendera popita kuchimbudzi, kenako popita kutchalitchi. Anthu anaiyamikira.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, nyengo yopalira inafika. Loweruka lina Jonasi anayenda pang'onopang'ono mpaka m'malire mwa munda nakhala pachulu. Kutsogolo kwake kunali mzere wa misana, yonse yoweramira pansi, makasu akukwera ndi kutsika. Anafufuza mwana wake ndi maso koma sanamuzindikire. Kale ankamuona ali patali, poti ndiye yekha ankaoneka mutu. Tsopano misana yonse inali yofanana.

Kumapeto kwa mzere msana umodzi unadzuka. Manja anapita m'chiuno, nkhope inayamba kukwera. Kefasi, amene anali mizere ingapo kumbuyo, anatsokomola. Nkhope ija inabwerera pansi isanaone thambo.

Poweruka Kefasi anadzera pachulu paja, khasu lili paphewa. Anali atasankhidwa ukulu wa mpingo, ndipo mtima wake unali woyera ngati wa munthu amene wachita zabwino.

"Mwaona, alamu? Mwana wasintha. Lero wapalira kuposa mayi ake. Ndipo dzana a Dickson atamuona akudutsa anati koma mwana waulemu. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Zikomo, alamu," anatero Jonasi.

Madzulo a tsiku limenelo anagona pamkeka monga mwa nthawi zonse. Sheila anasamba m'mapazi, anakwera, anagwira chipupa. Ankaponda mwaulesi, osafunsa ngati akumupweteka, ndipo anatsika msanga. Jonasi anayesa kuti walowa m'nyumba. Kenako anamva mkeka ukukhwekhwereza. Atatembenuza mutu anaona mwana wagona pambali pake chafufumimba, tsaya lili padzanja.

"Ababa."

"Ee."

"Inu simungathe kundiponda. Koma tangondikanikizani ndi dzanja."

Jonasi anadzuka, bondo limodzi, kenako linzake. Sheila anatambasula mkono kumbuyo, anagwira dzanja la bambo ake, analitsitsa pang'ono kudutsa nthiti mpaka pamwamba pa chiuno.

"Apa. Osawauza amayi."

Jonasi ankapadziwa pamalopo. Anakanikiza.